Malangizo kwa Aphunzitsi a Mawa: Wailesi, Foni ndi Tabuleti M'kalasi ya Ana 100

Malangizo awa ndalembera anzanga amene tili m'makoleji a zauphunzitsi, makamaka inu amene posachedwapa munyamule chikwama kupita kusukulu za pulayimale kukayeserera kuphunzitsa. Inenso ndili m'gulu lomweli. Satifiketi sindinalandire, koma kutsogolo kwa ana ndaimako, aphunzitsi okhazikika ndawaonerera akugwira ntchito, ndipo pa nkhani ya zipangizo zamakono ndili ndi maganizo anga.

Chimene chimasowa kwambiri m'kalasi mwathu ndi nthawi ya mphunzitsi pa mwana mmodzimmodzi. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene ana m'sukulu anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, makalasi athu sanapumepo. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma mu sitandade 1 ndi 2 kupeza ana 100 kapena kuposerapo si zachilendo. Phunziro la mphindi 30 mukaligawira ana 100, aliyense apata masekondi 18. Choncho chipangizo chilichonse chimene munthu angandibweretsere ndimachifunsa funso limodzi: kodi chiwonjezera nthawi imene mwana aliyense akuwerenga, kulemba kapena kuwerengera yekha, kapena chindipatsa mpata wofika kwa mwana wotsalira uja? Chikalephera zonse ziwirizi, chikhale mu ofesi.

1. Sabata yoyamba yendani ndi kope

Pemphani ahedi kapena achiwiri awo akuonetseni zimene sukulu ili nazo, ndipo muzione ndi maso anu. Mawu akuti "makompyuta tili nawo" nthawi zina amanena makina amene akufuna kwabwino anapereka kalekale, ali m'sitolo chifundire nsalu, mawaya ake makoswe anatafuna. Lembani m'kope lanu: magetsi alipo? Ndi a ESCOM kapena a sola? Soketi ili m'kalasi kapena mu ofesi mokha? Makiyi a kumene kumasungidwa zipangizo amakhala ndi yani, ndipo iyeyo akadwala zimatani? Netiweki ya Airtel kapena TNM imagwira pati? Kusukulu zambiri zakumudzi malo ake amadziwika ndi aliyense, mwina pachulu, mwina kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo ana ndiwo angakulozereni msanga.

Musayembekezere zambiri. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 m'dziko muno ndiwo amawunikira ndi magetsi, ndipo ambiri mwa iwowo ali m'tauni. Mukonzekere sukulu imene mwaipeza, osati ya m'zithunzi zimene alekichala amationetsa.

2. Chikonzero cha phunziro chiyambe, chipangizo chibwere pambuyo

Lembani kaye chimene mukufuna ana azitha pofika pamapeto a phunziro, njira zake, ndi momwe mudziwire kuti atha. Mukamaliza m'pamene muyang'ane ngati pali malo amodzi pamene foni kapena wailesi ingachite bwino kuposa choko, tchati kapena pakamwa panu. Kawirikawiri malowo amakhala amodzi okha, a mphindi zitatu kapena zisanu.

Pambali pa malo amenewo lembani ndi pensulo chimene mudzachite batire likatha. Phunziro limene lingafe chifukwa magetsi azima silinakonzedwe mokwanira, ndipo amene akudzakuonererani adzakuchotserani malikisi, moyenera ndithu.

Dziko la Peru linagawira ana a pulayimale malaputopu zikwi mazanamazana pa ndondomeko ya One Laptop per Child. Ofufuza a banki ya Inter-American Development Bank atayesa ana m'sukulu zoposa 300 zakumidzi, anatulutsa zotsatira mu 2012 zoonetsa kuti pa masamu ndi chiyankhulo panalibe kusintha. Ana anadziwa kugwiritsa ntchito makinawo, koma makinawo sanalumikizidwe ndi zimene mphunzitsi amaphunzitsa tsiku ndi tsiku. Ife amene ndalama zathu ndi zochepa kuposa za Peru sitingakwanitse kubwereza zimenezo.

3. Musapeputse mawu: wailesi ndi kasipika

Anzanga ambiri akamva za zipangizo zamakono amaganiza za pulojekita. Ine ndimayamba ndi mawu, chifukwa mawu amafika kwa ana onse nthawi imodzi, wakutsogolo ndi wakumbuyo yemwe, pomwe chithunzi chimafika kwa okhawo amene ali pafupi. Dziko lathu lili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Pulogalamu ya Tikwere inayamba kuulutsidwa pa MBC mu 2008, yokonzera makalasi oyambirira, ndipo sukulu zinalandira mawailesi osalira mabatire ogula. Mphunzitsi wa pawailesi ankayankhula, n'kusiya kampata kuti ana ayankhe, aimbe kapena aloze chinthu, kwinaku mphunzitsi wa m'kalasi akuwatsogolera. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, wailesi yomweyo ndiyo inafikitsa maphunziro kwa ana ambiri akumudzi amene intaneti sakanaifikira.

Lero kasipika kotchaja kolumikiza ndi foni kapena kolowetsa memore khadi kamapezeka pamsika uliwonse wa paboma. Kagwiritseni ntchito motere. Mverani kaye nokha zonse zimene mukufuna kuwaseweretsera ana, kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndipo mulembe malo oimitsira. Ikani sipika pamalo okwera chapakati pa kalasi, osati patebulo lanu. Tumani mwana mmodzi akaime pakona yakumbuyo anene ngati akumva. Muziimitsa pafupipafupi n'kufunsa: wanena chiyani? Kenako chichitika n'chiyani? Ana akangokhala duu kwa mphindi khumi, dziwani kuti theka la iwo maganizo ali kudambo.

Zoti muwaseweretsere simufunika kugula. Jambulani mawu a mnzanu amene amawerenga bwino Chingerezi akuwerenga nkhani ya m'buku la ophunzira, mofatsa, kuti ana azitsatira ndi chala m'buku. Jambulani maliwu a malembo ndi maphatikizo amene ndondomeko ya kuwerenga ya m'dziko muno, imene inayamba mu 2016, imatsindika. Pitani kwa agogo a m'mudzi, muwapemphe mwaulemu ndi kuwafotokozera kumene mawu awo akamvekere, akusimbireni nthano kapena mbiri ya mudzi. Imeneyo ndi phunziro la kumva ndi kuyankhula lokwanira. Mvula ikayamba kugunda pamalata, zimitsani sipika, mutenge choko. Palibe sipika ya mtengo umene mphunzitsi angakwanitse imene ingapose malata a Januwale.

4. Foni yanu ithandize inu poyamba

Ntchito yaikulu ya foni imachitika ana asanalowe m'kalasi: kufufuza mfundo imene simukuimvetsa, kusunga silabasi ndi mabuku a mphunzitsi, kufunsana ndi anzanu pagulu la WhatsApp momwe aphunzitsira mutu wovuta. Zonse zimene mufune sabata yamawa muzitsitsiretu pamene muli ndi netiweki yabwino, kaya ku TDC (malo okumanira aphunzitsi a m'zoni), kaya paboma, kaya usiku pamene bandulo imatsika mtengo. Musadalire kutsegula intaneti ana ali pamaso panu. Kachizindikiro kozungulira kaja kakayamba kuzungulira, kalasi mwaitaya.

Kuimika foni m'mwamba kutsogolo kwa ana 100 n'kunena kuti "onani" ndi kudzinamiza. Akuona ndi a mizere iwiri yoyamba. Otsalawo ayamba kuimirira, kukankhana, wina walira. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kukopera chithunzicho patchati chachikulu, pakatoni kapena pathumba loyera, monga tinaphunzirira pa TALULAR, kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo. Yachiwiri ndi kugawa ana m'magulu, kupatsa magulu onse ntchito yolemba, inu n'kumayenda ndi foni gulu ndi gulu, mphindi imodzi kapena ziwiri paliponse, muli ndi funso limene ayankhe akaona. Foni isachoke m'manja mwanu. Muiike pa flight mode musanayambe, pokhapokha ngati mukufuna ana a sitandade 6 akuwerengereni mokweza uthenga wa okondedwa anu.

Sankhani bwino zoonetsa. Chinthu chimene mungachibweretse chenicheni, chibweretseni chenicheni. Kumera kwa mbewu kumaphunzitsidwa ndi nyemba, thonje lonyowa ndi botolo lodula, ana n'kumaona okha m'mawa uliwonse. Apo foni ingothandiza kujambula nyembayo tsiku lililonse pa ola lomwelo, kuti pamapeto a sabata ana aone zithunzizo motsatizana, khungu likusweka, kamuzu kakuloza pansi, timasamba tikutambasuka. Kanema musungire zimene simungathe kuzinyamula: mtima ukupopa magazi, kadamsana, madzi a Shire akuzunguza makina a magetsi ku Nkula kapena ku Kapichira, mafunde a nyanja kwa mwana wa ku Mchinji amene sanaionepo.

5. Mukapeza matabuleti, ntchito yanu yachuluka

Ambiri a ife tikapeza matabuleti kusukulu kumene atitumize, choncho pano ndikhalitsapo. Mapulogalamu ake anapangidwa ndi bungwe la onebillion la ku Britain, ndipo anayamba kuyesedwa m'dziko muno cha mu 2013 mogwirizana ndi bungwe la VSO ndi Unduna wa Zamaphunziro, pa ntchito yotchedwa Unlocking Talent. Katswiri wa ku yunivesite ya Nottingham, Nicola Pitchford, anayesa pulogalamu ya masamu pasukulu ya Biwi ku Lilongwe kwa milungu 8, ndipo ana amene anaigwiritsa ntchito anapita patsogolo kuposa anzawo. Mu 2023 Unduna unakhazikitsa ndondomeko ya BEFIT, mothandizana ndi Imagine Worldwide ndi mabungwe aja, kuyambira m'sukulu 500, cholinga chake kukhala kufikira sukulu zonse za boma za pulayimale, sitandade 1 mpaka 4. Matabuletiwa safuna intaneti, amatchajidwa ndi sola, amayankhula Chichewa, ndipo amapatsa mwana ntchito molingana ndi pamene wafika.

Ubwino wa tabuleti ndimauvomereza. Imabwereza liwu lomwelo kakhumi, kamakumi awiri, osatopa, osakalipa, osachititsa mwana manyazi pamaso pa anzake. Mwana aliyense amayankha funso lililonse, osati atatu okha ochenjera amene amakweza manja. Zimenezi ine ndekha sindingathe ndi ana 100. Koma tabuleti siidziwa kuti mwana sanadye, kuti sakuona bwino, kapena kuti akungoseweretsa chala.

Ndiye nthawi ya matabuleti isasanduke nthawi yanu yochongera makope kapena yoyankha mauthenga. Ana asambe m'manja asanalandire, makamaka nyengo ya mango ndi nzimbe. Akhale m'mizere yosiya njira yoti inu mudutsemo. Atsogoleri a magulu, amene mwawaphunzitsa kale kunyamula ndi manja awiri, agawe matabuleti ndi mahedifoni, ndipo pasakhale woyatsa mpaka mutanena. Mukachita izi mofanana tsiku ndi tsiku, pakatha milungu iwiri kugawa sikudyanso theka la nthawi.

Kenako yendani, maso anu akhale pa zala za ana. Mudzaona mwana amene akudinadina paliponse mwachangu mpaka makina atamuyamikira. Ameneyo waphunzira kupusitsa tabuleti, kuwerenga ayi. Gwadani pambali pake, mumuvule hedifoni mbali imodzi, mumuuze kuti, "Tandiwerengere apa mokweza." Mudzaona wina wangokhala phee, akuyang'ana anzake, nthawi zambiri kawaya ka hedifoni kazuka ndipo akuopa kunena. Mudzaona wamkulu wobwereza kalasi akuyankhira mng'ono amene wakhala naye pafupi, asiyanitseni mwachifundo. Sankhani ana asanu kapena asanu ndi mmodzi tsiku lililonse oti muwaonetsetse, mulembe dzina ndi chimene chikumuvuta aliyense, mawa musankhe ena. Pakutha kwa mwezi mudzakhala mukuidziwa kalasi yanu kuposa momwe mukanaidziwira mutangoima pabolodi. Kwa ine phindu lalikulu la matabuleti lagona pamenepa.

Achenjezeni ana kutatsala mphindi ziwiri. Werengani matabuleti ndi mahedifoni mwana asanatuluke ndi mmodzi yemwe. Mukatero tengani mphindi zisanu pabolodi: lembani maphatikizo kapena masamu amene munaona akuvuta ambiri, ana awerenge pamodzi, alembe m'makope ndi pensulo. Kulondoloza lembo ndi chala pagalasi n'kosiyana ndi kugwira pensulo, ndipo mayeso a MANEB a sitandade 8 amalembedwa papepala.

6. Samalani batire, fumbi ndi loko

Zipangizo zambiri m'sukulu zimafa ndi tinthu ting'onoting'ono. Pukutani galasi la sola ndi nsalu yofewa yonyowa, m'mawa lisanatenthe, makamaka m'miyezi ya fumbi ya Seputembala ndi Okutobala. Galasi lafumbi limakoka mphamvu yochepa. Dulani nthambi imene yayamba kuchita mthunzi pamenepo. Nyengo ya mitambo yembekezerani kuti zinthu sizidzadza msanga, ndipo mukambirane ndi ahedi makalasi amene ayambe. Musasiye tabuleti kapena foni padzuwa pawindo. Batire likatupa, chipangizocho chisayatsidwenso kapena kutchajidwa. Chiikeni padera, munene. Pozula tchaja gwirani pamutu pake, osakoka waya.

Sola ya sukulu isasanduke malo otchajira mafoni a mudzi wonse. Mukalola mmodzi, mawa abwera khumi, ndipo Lolemba ana apeza matabuleti ozima. Lamulo limeneli likhudze ndi inu nomwe.

Chipangizo chilichonse chikhale ndi nambala, ndipo pakhale kaundula wosonyeza wotenga, tsiku, ndi momwe chabwerera. Chikawonongeka lembani tsiku lomwelo. Mwana amene wagwetsa tabuleti mwangozi musamuopseze kapena kumulipitsa pa inu nokha. Mukatero ana onse ayamba kubisa zowonongeka, ndipo mudzazipeza mochedwa.

7. Onani amene akutsalira

Zipangizo zikachepa, anyamata amphamvu ndiwo amathamangira kutsogolo. Gawani ndi mndandanda wa mayina, ndipo pakati pa atsogoleri onyamula ndi kuyatsa zipangizo atsikana akhale theka. Mwana wovutika kuona, kuphatikizapo ana ambiri achialubino, akhale kutali ndi kuwala kwa pawindo, aloledwe kuyandikiza tabuleti kumaso, ndipo pafoni yanu mumukulitsire malembo. Mwana wovutika kumva hedifoni siimuthandiza kwenikweni. Pamene anzake ali pamatabuleti, ndi nthawi yabwino yoti mukhale naye maso ndi maso, ndi makhadi a malembo. Ngati m'zoni mwanu muli mphunzitsi amene anaphunzira za ana a zosowa zapadera, monga amene amachokera ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, mufunefuneni.

Amene mupite ku Rumphi, ku Mangochi kapena ku Karonga kumbukirani kuti mwana wa sitandade 1 amene kwawo amayankhula Chitumbuka, Chiyao kapena Chinkhonde akhoza kulephera ntchito ya patabuleti chifukwa sanamve lamulo, osati chifukwa sadziwa yankho. Mufotokozereni m'chiyankhulo chake, kapena mupemphe mnzake atero.

8. Zochokera pa intaneti muzisefe

Kuyambira pamene ChatGPT inatuluka kumapeto kwa 2022, ndipo Meta AI n'kulowa mu WhatsApp kuno kwathu mu 2024, ambiri a ife tayamba kufunsa makina kuti atilembere zikonzero za maphunziro. Sindikuletsa. Amathandiza kupeza zitsanzo zambiri za masamu, kapena kukufotokozerani m'njira ina mfundo ya sayansi imene munaiiwala. Koma makinawa sadziwa silabasi ya ku MIE ku Domasi, sadziwa kuti m'kalasi mwanu mulibe madesiki, ndipo akasowa yankho amapeka molimba mtima. Chichewa chawo n'chosadalirika: amasakaniza ndi ziyankhulo zina ndipo amapanga mawu amene palibe Mmalawi anawamvapo. Chilichonse chimene akupatsani, chiyerekezeni ndi buku la mphunzitsi ndi buku la ophunzira. Masamu muwawerengere nokha. Chaka, dzina la munthu kapena la malo zimene simungazipeze m'buku lodalirika, zisafike pabolodi. Mwana wa pulayimale amakhulupirira zimene aphunzitsi alemba, ndipo akhoza kunyamula bodza limenelo mpaka kusekondale.

Palinso chifukwa china chimene ndimalembera ndekha chikonzero. Polemba m'pamene ndimaona pamene ana adzapunthwe. Chikonzero chokopera chimaoneka bwino m'faelo, koma mwana akafunsa funso lapambali, mwini wake amasowa polowera.

Kwa ana a sitandade 7 ndi 8, amene ena a iwo amagwira kale mafoni a makolo, patulani nthawi yowaphunzitsa kufunsa mafunso atatu pa uthenga uliwonse woyendayenda: wanena ndani, wadziwa bwanji, akufuna tichite chiyani? Mauthenga onama onena kuti mwapambana ndalama, amene makolo ambiri aberedwa nawo, ndi chitsanzo chimene ana amachidziwa kale.

9. Tetezani ana, mudzitetezenso

Musaike zithunzi za ophunzira pa Facebook, pa TikTok kapena pa status popanda chilolezo cha ahedi ndi makolo, ngakhale ana ataoneka okongola chotani. Mwana wolephera kuwerenga, wong'ambika zovala kapena wolira asajambulidwe n'komwe. Malikisi a ana asatumizidwe pagulu limene makolo onse akuona. Dziko lathu lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 ndiponso lamulo loteteza mbiri ya anthu la Data Protection la 2024, ndipo kusadziwa sikudzakupulumutsani.

Musalemberane mauthenga apadera ndi wophunzira. Zofunika kunena zidzere kwa makolo. Musatume mwana, makamaka wamkazi, kunyumba kwanu kukatenga tchaja kapena kukasiya sipika. Zipangizo zanu nyamulani nokha. Foni imene mumaonetsera ana ikhale yoyera, ndipo zithunzi za phunziro zikhale mu folda yakeyake kuti musamafufuze pakati pa zithunzi zanu ana akuona. Mwana akakuuzani kuti wina akumutumizira zonyansa kapena akumuopseza pafoni, mumvereni modekha, musamukalipire, munene kwa ahedi ndi kwa amayi a Mother Group. Nambala yothandizira ana ya 116 ndi yaulere; ilembeni pakhoma la kalasi.

10. Makolo ndi aphunzitsi akale akhale mbali yanu

Kumudzi chinthu chachilendo chosafotokozedwa chimabala mphekesera. Pemphani ahedi kuti pamsonkhano wa makolo, komiti ya sukulu ndi mafumu alipo, pakhale mphindi zoonetsa zipangizo. Musalankhule zambiri. Perekani tabuleti kwa mayi mmodzi, mwana wake amuonetse momwe imagwirira ntchito, ena akuona. Makolo amene aona mwana wawo akuwerenga ndiwo amasonkha za mlonda mosanyinyirika, ndipo ndiwo amanena akamva kuti wina akugulitsa tabuleti pamsika.

Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife ochokera kukoleji timaukonda mwambi umenewu mopitirira. Mayi amene aphunzitsa sitandade 1 kwa zaka 25 akhoza kuvutika kulumikiza sipika, koma amatha kukhazika chete ana 120 ndi kanyimbo kamodzi, zimene inu mudzalira nazo. Akakupemphani thandizo, chipangizo chikhale m'manja mwawo, inu muzingonena podina, kawiri katatu, mpaka atazolowera, ndipo zichitikire mu ofesi osati pamaso pa ana. Inunso muwapemphe mudzaonerere phunziro lawo.

11. Yesani papepala ngati zikuthandiza

Ana kusangalala si umboni wokwanira. Chinthu chatsopano chilichonse chimasangalatsa kwa milungu iwiri. Poyamba teremu sankhani ana khumi, ochita bwino, apakati ndi otsalira, anyamata ndi atsikana. Aliyense payekha akuwerengereni kankhani kafupi ka mulingo wa kalasi yake kwa mphindi imodzi, inu mukuwerenga mawu amene watchula molondola, kenako mumufunse mafunso awiri kapena atatu pa zimene wawerenga. Mupatseninso masamu khumi papepala. Apa foni ingogwira ntchito ya wotchi. Bwerezani pakati pa teremu ndi pamapeto, ndi nkhani ina yofanana kuvuta kwake. Ochita bwino akamakwera, otsalira ali pomwepo, ndiye kuti nthawi imene chipangizo chikukupatsani simukuipereka kwa oyenera. Sinthani mndandanda wa ana amene mumagwada pambali pawo. Zotsatirazi muonetse ahedi ndi a PEA, alangizi a zamaphunziro a m'zoni, akabwera. Iwo amamva kawirikawiri za chiwerengero cha matabuleti ogwira ntchito, koma za ana amene ayamba kuwerenga amazimva mwa apo ndi apo.

12. Pochoka siyani zinthu m'dongosolo

Nthawi yoyeserera ikatha, zimene munajambula ndi kutsitsa zisapite nanu kukoleji zonse. Koperani mawu, zithunzi ndi makanema pa memore khadi kapena pafoni ya mphunzitsi amene atsale ndi kalasiyo, chilichonse chili ndi dzina lomveka: kalasi, phunziro, mutu ndi sabata. Muperekenso kope lija la mayina a ana ndi zimene zimawavuta, mukhale naye pansi theka la ola mumufotokozere ana asanu amene akufunika diso kwambiri. Ngati munaika pasiwedi pa chipangizo cha sukulu, ilembeni muipereke kwa ahedi. Fufutani m'foni mwanu zithunzi, mawu ndi malikisi a ophunzira. Pomaliza werengani zipangizo zonse pamodzi ndi amene amasunga makiyi, muyatse chimodzichimodzi, mulembe zowonongeka, ndipo nonse awiri musayine m'kaundula ndi kulemba tsiku.